Chipinda Choyera ku Utale

Liwonde,
18 Meyi 2025

Okondedwa achemwali a Fauziya,

Asalaamu aleikumu. Mukaona a Twaibu, amene munawatuma katundu wanu, akufika kumeneko ku Nacala ndi envelopu yokhayi, opanda makatoni anu, musawakalipire. Sanaiwale kanthu pa malire a Nayuchi, ndipo a pachipata sanawalande kanthu. Makatoniwo sananyamuke n'komwe, ndipo nkhani yake ndi imene yandikhazika pansi kuti ndilembe. Pa foni sindikanatha, chifukwa inu mumayankhula ngati munthu amene wasiya mkaka pamoto, ndipo ndisanamalize moni mumakhala mutafunsa kale za zigoba. Kuno tilipo. Mlamu wanu Zuhura ndi woyembekezera, ndipo ana kusukulu akundiumitsa pakhosi monga mwa masiku onse.

Ndiyambe ndi kukutsimikizirani kuti zimene munandiuza ndinazimva, kuti musadzati mlongo wanu ndi mbuli. Namondwe wa mu Malichi atasasula denga la nyumba imene mumasungiramo zinthu zanu, munatumiza makatoni awiri kuti ndikusungireni, ndipo munanena mobwerezabwereza mpaka batire langa kutha kuti m'menemo muli moyo wanu wonse. Katoni imodzi ndi ya zigoba za nkhono za m'nyanja zimene mwakhala mukutola mwezi ndi mwezi chiyambire maphunziro anu. Inayo ndi ya zigoba zakalekale zimene munakumba pa dzala la anthu amakedzana. Munati utsi wa magalimoto ndi mafakitale a dziko lonse ukumwedwa ndi nyanja, madzi akunka nawawasa pang'onopang'ono, ndipo tinyama timeneti tikuvutika kumanga zigoba zolimba. Mukayeza kukhuthala kwa zakale ndi kwa zatsopano, digiri yanu yatheka, ndipo popanda zigobazo mulibe choonetsa kwa aphunzitsi anu. Mwaona? Ndinamvetsa. Mpaka ndinaika chigoba cha dzira mu viniga pamaso pa ana a Sitandade 7, chikuchita thovu, ine ndikudziguguda pamtima kuti mchemwali wanga akudziwa chimene chikudya nyanja.

Chimene simunandiuze ndi fungo. Achemwali, mumakhala nazo bwanji zinthu zimenezi? Nyumba yathu mukuidziwa, chipinda chimodzi ndi pabalaza, malata pamwamba, kutentha kwa Liwonde pansi. Pasanathe sabata aneba anayamba kundifunsa ngati ndayamba geni ya usipa wowola. Zuhura, m'mene alilimu, ankangoti akalowa m'nyumba, uyo watulukanso atagwira pakamwa. Tsiku lina anandidikirira pakhomo ndikuweruka kusukulu.

"Abambo, lero musankhe," iye anatero. "M'nyumba muno mugona ine kapena mugona nkhono za achemwali anuwo. Tonse sitikwana."

Ndinagwira njakata. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndavumbwa ndithu, chifukwa ndinafuna kusangalatsa mkazi wanga popanda kukhumudwitsa inu. Sindinakuuzeni. Ndinakweza makatoni aja pa minibasi, kenako pa kabaza, mpaka kwa amayi ku Utale, ndikudziuza kuti kumudzi malo ndi ambiri ndipo mphepo imawomba.

Amayi ndinawapeza pakhonde akutongola chimanga. Ndinatsitsa makatoni ndi kuwauza kuti ndi katundu wa achemwali, wachokera ku nyanja ya mchere, ndipo mwini wake abwera kudzatenga.

"Abwera?" anasiya chitsononkho chili m'manja.

"Eya, akuti mwina pa Idi ikubwerayi."

Mawu amenewo si anga, achemwali, munanena ndinu. Ndikudziwa kuti "mwina pa Idi" mwakhala mukunena chaka ndi chaka, ndipo ine ndinazolowera kuwamva ngati moni chabe. Amayi sanazolowere.

Tsono inu mwakhalitsa kunja, mwaiwala za kwathu. Mwana akatumiza katundu kumudzi, kaya ndi sopo kaya ndi mchere, katunduyo ndi wa mayi wake, ndipo palibe amene amafunsa. Mwaiwalanso kuti amayi anakulira cha ku Nayuchi, kumene azimayi ankatola zigoba za nkhono, kuziwotcha pamoto waukali, kuziwaza madzi mpaka kusanduka ufa woyera umene iwo amati swakala, ife a m'tauni timati laimu. Ineyo ndinaiwalanso. Mphunzitsi wathunthu, wa viniga ndi dzira, sindinaganize kuti ndasiya mbuzi m'munda wa chimanga.

Sabata yathayi munatumiza uthenga uja, kuti denga lakonzedwa, nthawi yakutherani, simubweranso, ndipatse a Twaibu makatoni onse awiri. Loweruka ndinalawirira ku Utale. Nditangolowa pabwalo ndinaona timapepala ta pulasitiki titayanikidwa pampanda, totsukidwa bwinobwino. Ndinayandikira. Pa kalikonse panali zolemba za dzanja lanu, mwezi, chaka ndi dzina la doko. Tina amayi anali atathiramo kale mbewu za maungu ndi za therere. Kuseri kwa nyumba kunali mulu wa phulusa.

"Wafika Nasiru?" anaitana amayi ali m'nyumba. "Bwera udzaone. Vula nsapato, ndipo usakhudze khoma."

Ananditsogolera ku kachipinda kanu kaja, kamene munkawerengeramo ndi koloboyi, kamene zaka zonsezi kakhala kosungiramo makasu ndi matumba. Makasu atuluka. Pansi pazilidwa. Mphasa yatsopano yayalidwa. Ndipo makoma onse anayi ali mbee, kuyambira pansi mpaka kudenga. Achemwali, zigoba zanu zonse za mwezi ndi mwezi zija, zonse zatsopano, zili pakhoma.

Ndinakhala pansi pomwepo. Sindikubisirani, ndinakalipa, ine amene sindinakwezepo mawu pamaso pa amayi chibadwire.

"Amayi, mwachita chiyani? Zimene zija si mphatso! Ndi sukulu ya achemwali!"

"Sukulu ya nkhono?"

"Amaziyeza. Nyanja ikuwawasa, ndiye akufuna aone ngati zigoba zikupyapyala."

"Ikuwawasa? Wailawa ndani?"

"Sachita kulawa, ali ndi makina."

"Nanga ikawawasa, iye aithira shuga?"

Ndinayesa kufotokoza za utsi, za magalimoto, za asodzi a kumeneko amene chakudya chawo chimachokera m'madzimo, ndi kuti utsi womwewo ndi umene ukusokoneza mvula yathu ino. Ndinayamba m'Chichewa, ndinalowa m'Chiyao, ndinabwereranso m'Chichewa, thukuta lili kamukamu. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto akugwedeza mutu, ine n'kumati zalowa. Kenako anati:

"Ukamuuze kuti ulendo wina azisankha bwino. Zinali zopyapyala, zongofumbutuka m'manja. Katoni yonse ija swakala wake wangokwana kupaka kamodzi."

Ndiye mwina kafukufuku wanu ndi woona, achemwali, koma sindikudziwa ngati aphunzitsi anu angalandire umboni wa amayi a ku Utale, kapena ngati khoma lingakwere sitima.

Apa m'pamene ndinakumbukira katoni yachiwiri. Ndinafunsa msanga za iyo. Ilipo. Zigoba zakale zija zilipo zonse, m'timapepala take, palibe chimene chasokonezeka. Amayi anazichotsa m'katoni ndi kuziika m'sutikesi yachitsulo ya malemu abambo, pansi pa bedi lawo, ndipo kiyi wake ali pa mfundo ya chitenje chawo. Ndinapuma. Ndinati alhamdulillah, ndipatseni ndikapereke kwa a Twaibu.

"Ngwamba," anatero amayi. Mukudziwa kuti akakana m'Chiyao ndiye kuti nkhani yatha.

"Amayi, achemwali akuzifuna msanga."

"Mwini wake abwere adzatenge. Unanena wekha kuti abwera."

"Zinthu zasintha, ntchito yawachulukira."

"Ndiye sakuzifuna. Izi ndazigwira, n'zokhuthala bwino, swakala wake adzakhala wamphamvu. Khoma lija likufunika kupakanso kachiwiri. Ndidikira mpaka tsiku la Idi. Akapanda kubwera, mawa lake ndisonkha moto."

Ndinanyengerera, achemwali. Ndinagwada. Ndinawauza kuti ku Balaka laimu ali mbwee, anthu amaphwanya miyala ndi kuwotcha tsiku ndi tsiku, ndiwagulira thumba lathunthu apake nyumba yonse mpaka khola la mbuzi. Anandiyankha kuti laimu wogula ndi wa aliyense, koma uyu watumiza ndi mwana wawo. Ndinaganizapo zodikira kuti apite kumzikiti ndithyole loko, koma sutikesi ya abambo ine sindingaithyole, ngakhale nyanja zonse zitasanduka mandimu. Ndinabwerera ku Liwonde chimanjamanja, ndipo Zuhura atamva anaseka mpaka kugwira mimba, zomwe zinandiwonjezera mkwiyo.

Tsopano ndine wokwiya ndi aliyense. Ndakwiya ndi amayi, amene awotcha thukuta lanu la zaka ngati zinyalala. Ndadzikwiyira ndekha, chifukwa ndikanakuuzani kuti makatoni ndawasamutsa, bwenzi mutaimba foni ndi kuchenjeza. Koma ndiloleni, ngakhale ndine wamng'ono, ndinene kuti ndakwiya ndi inunso. Mumadziwa kuti chigoba cha nkhono chapyapyala ndi kachidutswa kosaoneka ndi maso, koma simukudziwa m'mene amayi anu aondera. Mukaimba foni mumafunsa ngati makatoni ali pouma. Simunafunsepo chifukwa chake amayi masiku ano amakupatsani moni pang'ono n'kubweza foni.

Mwina mukudzifunsa kuti munthu angatsegule bwanji timapepala tolembedwalembedwa chonchija osadabwa kuti tili ndi ntchito. Inenso ndinafunsa. Ndinanyamula kapepala kamodzi ndi kuwaonetsa pafupi, ndikuti, "Amayi, simunaone kuti apa palembedwa? Ngakhale simuwerenga, simunaone inki?" Anakatembenuza m'manja, anakasisita ndi chala, ndipo anafunsa kuti palembedwa pati.

Apa pali nkhani imene anandiletsa kukuuzani, ndipo ndikuphwanya lonjezo. Maso a amayi achita ng'ala. Zinayamba chaka chatha. Ndinapita nawo kuchipatala, madokotala anati n'zotheka kupala, koma amayi akukana, akuti salola mpeni m'diso mwana wawo wamkazi palibe woti awagwire dzanja ndi kuwasambitsa. Anandilumbiritsa kuti ndisakusokonezeni, mumalize kaye sukulu. Ine ndimaganiza kuti akuonabe pang'ono, chifukwa pakhomo pawo amayenda bwinobwino ndipo ntchito zawo amagwira ndi manja. Loweruka lija ndi pamene ndinadziwa pamene zafika. Nkhope yanga sakuiona, amandizindikira ndi kayendedwe. Moto uja anasonkha chopapasa, ndipo ali ndi bala la moto padzanja lamanzere limene anandibisira m'chitenje.

Ndisananyamuke ndinawapeza atakhala pakhomo pa kachipinda kanu, osalowa, akungoyang'ana m'kati. Ndinawafunsa kuti akuona chiyani. Anati zinthu zonse tsopano zili ngati nkhungu ya m'mawa, koma chipinda ichi chokha amachiona, chifukwa n'choyera. Anati munthu akadzaima kutsogolo kwa khoma limeneli, adzaoneka.

Ndiye nkhani ili apo, achemwali. Za zigoba zatsopano ndilibe mawu, pepani, pepani ndithu. Sindikudziwa ngati aphunzitsi anu angakupatseni nthawi yoti mutolenso, kapena ngati munalembapo kale miyeso ina. Mukafuna kundilalatira, ndilalatireni, ndamva kale theka lake m'mutu mwanga. Koma zakale zija, zimene munati sizingapezekenso, zili m'sutikesi ku Utale, ndipo Idi yayandikira. Amayi mukuwadziwa. Nkhuni aunjika kale kuseri kwa nyumba, ndaziona ndi maso anga. Musanditumenso, musatume a Twaibu, musaimbe foni yoti muwafotokozere za utsi. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo woyamba kubadwa ndinu. Njanji imene inabweretsa makatoni ndi yomweyo ingabweretse mwini wake. Mukandiuza tsiku, ndidzakuchingamirani pa Nayuchi.

Zuhura akupereka moni, akuti mubwere koma nkhono zina muzisiye komweko. Ana anga a Sitandade 7 akufunsa ngati nyanja yachira, ndipo ndawauza kuti adokotala ake akadali kuyeza. Amayi sakudziwa kuti ndalemba zonsezi. Nditawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikupatsireni, anati ndikuuzeni kuti mphatso yanu anailandira, sikomo kwejinji, ndipo kuti tsiku lobwera mudzavale nsalu yakuda kapena yofiira, osati yoyera.

Allah akusungeni panjira.

Ndine mlongo wanu wotopa,
Nasiru