Mizati Inachoka Masiku Asanakwane

Hurghada,
Lachisanu, 21 Ogasiti 1998

Okondedwa achimwene Sabri,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Kuwait kumeneko, ndi kuti msana uja wayamba kukupatsani mpata. Ine thupi lili bwino. Nsapato zapantchito zimene munatumiza ndinalandira, zikundikwana ngati munachita kundiyeza phazi. Amayi ndinalankhula nawo Lolemba pa foni ya kugolosale. Akuti nzimbe zachita bwino chaka chino ku Qena, ndipo akufunsabe kuti hotela yanga itha liti kuti adzaione. Amaitchula choncho, hotela yanga. Sindinawauze chilichonse, inunso musawauze.

Ndikulemba ndili mu ofesi yathu ya malata. Anthu onse apita kukaswali, ine ndatsala. Kutentha kwake muno munthu angaphike dzira patebulo, koma masiku ano ndimakonda denga lamalata kusiyana ndi lakonkire. Muona chifukwa chake.

Anthu athu mukuwadziwa kuposa ine. Ukawauza chinthu amaika dzanja pachifuwa n'kunena kuti "hadir", kuti amva ndipo zichitika pompano. Ukangopotoloka aliyense wabwerera pa zimene amachita. Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikulimbana ndi liwu limeneli. Ndinkati ndi limene likuchedwetsa dziko lino, kuti anzathu akunja amamanga hotela ya zipinda mazana atatu chaka chimodzi pamene ife tikumwabe tiyi. Akalipentala anandipatsa dzina loti Bashmohandisi Fulumirani, bwana injiniya wosaupeza mtima. Akandionera patali wina amakuwa kuti, "Bisani matambula, injiniya wa moto uja wafika!" Ndinkaseka nawo, koma mumtima ndinkati tionana.

Katswiri wa hadir ndi mnzanu, a Abdel-Radi, kapitawo wa akalipentala, amene munandipereka m'manja mwawo tsiku lomwe ndinafika. Ndikayang'ana m'mbuyo, hadir wawo anandipulumutsa kangapo ine osadziwa. Mwezi wa Juni ndinalamula kuti tithire konkire dzuwa lili paliwombo. Iwo anati hadir, ndipo pampu ya konkire inafa mwadzidzidzi, n'kudzadzuka yokha dzuwa litapendeka. Ndinakalipa masiku awiri, osadziwa kuti dzuwa lija likanaing'alula konkireyo.

Tsopano nkhani yake nayi. Tinathira silabu ya pamwamba pa chipinda chodyera, chipinda chachikulu chopanda chipilala pakati. Pansi pake panali mizati yamitengo yochirikiza, yambirimbiri ngati nkhalango. Mitengo yomweyo inkafunika ku mbali ya kum'mawa, kumene ntchito inaima. Ndinkafuna kuti eni ake akadzabwera kuchokera ku Cairo adzapeze mbali zonse zikuyenda, adzafunse kuti mnyamata wachita izi ndani. Ndinawerengera papepala kuti ndi kutentha kwa Ogasiti konkire imalimba msanga. Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinati mizati ichoke. A Abdel-Radi anati hadir. M'mawa mwake mizati ili pompo. Ndinanenanso, iwo hadir. Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinawapeza akumwa tiyi ndi anthu awo pamthunzi wa khoma, ndipo ndinawakalipira pamaso pa onse.

Iwo anayankha mofatsa. "Mwana wanga, yeza kutalika kwa silabu, uchulukitse kawiri, uwonjezere masiku awiri. Mamita asanu ndi anayi, masiku makumi awiri. Sitinafike ndi theka lomwe."

"Zimenezo zinalembedwa m'buku liti?" ndinatero.

"Kamufunse mkulu wako Sabri, analiwerenga lonse ndi manja."

Anthu anaseka. Achimwene, mundikhululukire zimene ndinayankha. Ndinati, "Sabri ndi womanga zitsulo, ine ndine injiniya. Mizati ikapanda kuchoka lero, mawa ndiitanitsa akalipentala a ku Cairo, inu mukamwere tiyi kwanu."

Kuseka kunatha. A Abdel-Radi anaika tambula pansi, kenaka anati, "Hadir, bashmohandisi." Dzanja sanaike pachifuwa. Pofika madzulo mizati yonse inali itachoka. Ndinayenda m'chipinda chija ndekha, chili mbee, ndikumva kukoma kuti tsopano anthu ayamba kundimvera. M'mawa mwake ndinauza wa kireni kuti akweze njerwa za makoma a pamwamba, aunjike pa silabu yomweyo.

Patapita masiku atatu, cha m'ma leveni, kunamveka phokoso ngati mfuti. Silabu inatsika pakati ngati mimba ya bulu, mng'alu unayenda kuchokera khoma lina kufika khoma lina, ndipo chibenthu chinagwera Gaber, wamagetsi wa ku Qus, amene ankaika mapaipi pansipo. Chinamuphwanya mwendo. A Abdel-Radi analowa ndi amuna asanu ndi mmodzi, mitengo paphewa, kukabwezeretsa mizati denga likulira pamutu pawo. Fumbi linkathothoka ngati ufa. Anandikuwira kuti, "Fulumirani, gwira mtengo uwu!" Miyendo yanga inakana. Ndinaima panja ndi chipewa changa choyera mpaka anamutulutsa Gaber.

Gaber ali kuchipatala. Madokotala sananenebe ngati mwendo utsala. Ndinapita kukamuona kamodzi, ndinakafika pakhomo la chipinda, ndinamva mawu a mkazi wake mkati, n'kubwerera ndi mango anga m'manja.

Kuyambira tsiku limenelo chitseko cha lole chikamenyetseka ndimapezeka ndathawira panja. Ndikalowa m'nyumba iliyonse maso amayamba kudenga. Ndimazungulira masilabu ena onse amene ndinayang'anira, ndikuyendetsa chala m'ting'alu timene kale sindinkatiwerengera, ndipo sindikudziwanso kuti ndi ziti zimene anandimvera ndi ziti zimene anangondipatsa hadir. Ndimapemphera kuti akhale kuti sanandimvere paliponse.

Apolisi anabwera, analemba mayina. Mawa kubwera mainjiniya a boma kudzafunsa mmodzimmodzi. Lachiwiri bwana wathu wamkulu, a Nagui, anandiitana, anatseka chitseko, anandiitanitsira chakumwa chozizira.

"Lamulo lako lochotsa mizati lili papepala?"

"Ayi, bwana, ndinanena pakamwa."

"Ndiye palibe lamulo. Dziko lonse likudziwa kuti akapitawo achikalewa amachita zawo, hadir wawo ndi mphepo chabe. Ndani angakhulupirire kuti tsiku limenelo lokha nkhalamba ija inamvera kamwana ka dzulo ngati iwe?"

Ndinati anthu makumi awiri anandimva ndikukalipa.

"Aganyu? Pofika Loweruka theka la iwo lidzakhala lili m'basi ya ku Qena. Tamvera, Medhat. Mwendo uja ukadulidwa, wina alowa m'ndende. Akakhala iwe, dzina lako lifufutidwa m'kaundula wa mainjiniya, ndipo sudzamanga ndi khola la nkhunda lomwe. Uli ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Iye moyo wake wadya kale."

Anakankhira pepala kutsogolo kwanga. Linali lotayipa kale, likunena kuti kapitawo anachotsa mizati yekha, injiniya asakudziwa. Pansi panali mzere wa dzina langa.

Achimwene, inu mukanatani? Ndikudziwa kuti kalatayi ifika zonse zitachitika, koma ndikufunsabe. Ndende ndikuiopa. Ndikuopa tsiku limene Amayi adzamve kugolosale, anthu ali pamzere wa foni. Ndikuopa kubwerera ku Qena ndi satifiketi yopachika pakhoma basi, anyamata amene ndinawasiya akudula nzimbe akundiitana kuti bashmohandisi uku akutsinana. Munasiya sukulu muli ndi zaka khumi ndi zitatu kuti ine ndipitirize, ndipo sindikuona nkhope imene ndingakulandireni nayo pa Eid.

Pempho langa ndi ili. Mundifunsireko kumeneko ngati kampani yanu ingafune munthu, ngakhale wowerenga matumba a simenti. Kuno sindikuona kuti ndikhalitsa, zivute zitani. Ndiponso mukamalankhula ndi Amayi muziwauza kuti ntchito yachuluka, n'chifukwa chake sindikuimba pafupipafupi.

Mundiperekere moni kwa a Hamdi ndi onse a kwathu amene mumagona nawo chipinda chimodzi. Alamu ndi ana ku Qena ali bwino, kamtsikana kaja kayamba kuyenda. Muzivala lamba wa msana, musamanyamule mitolo ya zitsulo nokha ngati mnyamata.

Ndimafuna kutsekera pamenepa, koma cholembera chakana. Ndakufunsani kuti mukanatani ngati kuti pepala lija likudikirabe. Ndinasaina, achimwene. Ndinasaina Lachitatu m'mawa, ndipo linapita kale. Ndimadziuza kuti mawa akandifunsa ndidzalikana pamaso pa onse, ndidzanena kuti lamulo linali langa. Mawu ake ndawaloweza. Koma miyendo yomwe inakana kulowa m'chipinda chija ndi yomweyi imene indiperekeze mawa, ndipo sindikuikhulupirira.

Asanapite kumzikiti, a Abdel-Radi anadutsa pano. Anandibweretsera buledi wa kwathu amene akazi awo anatumiza pa basi, atamukulunga m'nyuzipepala. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Waonda, Fulumirani. Idya. Mawa usanjenjemere, ungonena zimene zinachitika, nanenso ndinena kuti ndinalakwa kukumvera. Tigawana." Ataona kuti ndatulutsa pepala lolembera kalata anafunsa ngati ndi ya kwa inu. Anati ndikuuzeni kuti mng'ono wanu akumusunga bwino, musade nkhawa.

Moni wawo ndi umenewo, ndaupereka monga ananenera. Za pepala lija sakudziwabe.

Ndine mng'ono wanu,
Medhat