Lole ya Loweruka Sinaime Pachipatala

ELIFALA KACHIGUNDA MBEWE
wa kwa Kasakula, ku Ntchisi
Anatisiya pa 21 Julayi, 1983

Bambo, lero zakwana zaka zisanu. Takolola kasanu inu kulibe, ndipo nkhokwe ija munaluka ndi manja anu tinaigwetsa chaka chatha chiswe chitaimaliza. Chithunzi chili pamwambachi musachinyoze, n'chokhacho tili nacho, chija munajambulitsa ku Lilongwe mutavala jekete lanu lotuwa. Ndikulemba ndine Kalisto, mwana wanu wamtali uja munkati anameza nsungwi. Ndikulemba m'malo mwa amayi a Nankhoma, mlongo wanga Faines, ndi adzukulu anu atatu, awiri mwa iwo obadwa inu mutapita. Chaka ndi chaka chikumbutso chanu amalemba ndi Faines, mizere inayi yaulemu basi. Chaka chino ndamulanda cholembera, chifukwa pali nkhani ya imfa yanu imene ndaisenza ndekha mpaka khosi latopa.

Mukukumbukira mmene munaudera mpira wa basiketi poyamba? Nditabwera kutchuthi kuchokera kusekondale n'kukuuzani kuti ndikusewera mpira woponya ndi manja mu mkombero, munavula magalasi n'kufunsa amayi ngati munabala mwana wamkazi wachiwiri osadziwa. Munati umenewo ndi ntchemberembaye, azungu aupatse dzina lina kaya asaupatse. Kampani ina ya ku Kanengo itandilemba ntchito, munkauza akulu a mpingo anzanu kuti mwana wanu ndi kalaliki. Ukalaliki wake uti! Pa desiki ndinkakhalapo mpaka teni koloko, kenaka tonse a timu ya Akabawi tinkathamangira kubwalo la simenti. Anatilembera mpira, ndipo mpirawo ndi umene unkatidyetsa. Mutazindikira zimenezi munakhala mwezi wathunthu osayankha kalata yanga.

Ndiye Loweruka loyamba la Juni chaka cha imfa yanu munakwera lole ya alamu anu, malume Aroni, imene inkapita ndi nyemba ndi kachewere kumsika wa ku Lilongwe sabata iliyonse. Munanyamuka kwa Kasakula tambala woyamba atalira, khadi la chipani m'thumba, cholinga kudzandikalipira pamaso pa mabwana anga kuti ndisiye zachibwana. Anthu ena khumi a m'mudzi anakwera nawo, ena ndi malonda awo, ena kungofuna kudzaona mwana wa a Mbewe akudzudzulidwa. Munandipeza masewera atayamba kale, linali tsiku lotsegulira ligi. Ndinakuonani mutakhala pabenchi, nkhope ili ndwii, chipewa pabondo. Pofika theka lachiwiri chipewa chija chinali m'mwamba, inu mutaimirira, mukukalipira woyimbira m'malo mokalipira ine, malamulo ake musakuwadziwa n'limodzi lomwe. Tinapambana ndi mapointi awiri. Za kundidzudzula zija sindinazimvenso.

Akabawi chaka cham'mbuyo tinathera kumchira kwenikweni, moti palibe amene ankatiwerengera. Koma Loweruka lachiwiri tinapambananso, lachitatunso chimodzimodzi. Eee, Kasakula anapenga! Kuchigayo nkhani inali Akabawi, kudibi la ng'ombe nkhani Akabawi, potuluka m'tchalitchi anthu asanafike n'komwe pamtengo wa mkuyu ayamba kale za Akabawi. Azibambo amene sanaonepo mkombero chibadwire ankatsutsana za mmene timu ya ku Blantyre, eni chikho, tidzaigonjetsere. A Agustino atelala anasoka mbendera ya nsalu zotsala n'kuimangirira pa lole. Panabuka mpaka mkangano woti chikho chikabwera chidzayambe kugona kusukulu kapena kugolosale, ngati kuti kampani ikanalola chikho chake kukwera mapiri a Ntchisi. Inuyo, amene munatilera ndi mawu oti linda madzi apite ndipo uziti ndadala, munatenga hamala n'kukhoma alumali yodzaikapo chikho pabalaza, ligi isanafike ndi pakati pomwe. Alumaliyo ilipobe, amayi amaikapo nyali.

Kenaka panabadwa lamulo, ndipo mpaka lero palibe amene amavomera kuti analiyambitsa ndi iye. Onse amene anakwera lole tsiku loyamba lija ankayenera kukweranso Loweruka lililonse, aliyense pamalo pake pomwe paja, atavala zomwe zija, kuti mwayi usathawe. Mai wina anasiya chinkhoswe cha mphwake chifukwa cha lamulo limeneli. Malo anu anali pa tayala la sipeya, kuseri kwa dalaivala, ndi jekete lotuwa lija. Faines atakusekani kuti mkulu wa mpingo wayamba kukhulupirira zithumwa, munamuyankha kuti izi si zithumwa ayi, ndi dongosolo chabe, ndipo Mulungu amakonda dongosolo. Tinaseka mpaka misozi. Ndimayesa kuikumbukira nthabwala imeneyo kuti ndisekenso, koma sizitheka.

Chifukwa nthawi yonseyi, Bambo, munali mukudwala, ndipo tonse tinkaona. Miyendo inayamba kutupa nthawi yokolola. Kamtunda ka kutchalitchi kaja munkapumira kawiri, mukunamizira kuyang'ana munda wa eni. Titapambana kachitatu amayi anakukokerani kuchipatala chaching'ono cha kwathu, ndipo adokotala a kumeneko atakupimani pachifuwa analemba kalata yoti mupite kuchipatala chachikulu ku Lilongwe, akakugonekeni sabata yomweyo, mtima sukuyenda bwino. Kalatayo munaipinda bwinobwino n'kuiika m'buku la nyimbo. Munati chipatala sichithawa, chili ndi maziko, koma ligi ndi ya miyezi yowerengeka.

Chowawa n'chakuti lole ija inkadutsa pageti penipeni pa chipatalacho. Malume Aroni amati akafika pamenepo ankachepetsa liwiro dala, n'kusuzumira kumbuyo. Inu munkamenya denga la lole kawiri ndi chikhato, kutanthauza kuti tiyeni, ndipo anthu onse kumbuyoko ankakuwa mokondwa, mbendera ili petupetu. Ulendo wa maola anayi pa msewu wafumbi, m'chisanu cha Juni, munthu wa mtima wodwala atakhala pa tayala. Amayi okha ndi amene ankalankhula, ndipo anthu ankawanena kuti a Nankhoma ndi a nsanje, akufuna kutidulira mwayi. Amayi mlandu wonse anauika pa mlongo wawo, poti chiwongolero chinali m'manja mwake. Chiikireni maliro anu sanapondenso pakhomo pa malume, ndipo malume akawaona pamsika amakhota njira.

Tsopano imvani zimene simunazidziwe. Titapambana kachisanu ndi chimodzi, Lachitatu lake Faines anakwera basi, mwana kumbuyo, n'kundipeza ku Kanengo. Anali ataba kalata ija m'buku lanu la nyimbo. Anandiuza kuti nsapato sizikulowanso, kuti mukugona chokhala chifukwa mukagona chagada mpweya ukuthawa. Anati amayi alephera, iye walephera, abusa alephera, watsala ndine, chifukwa munthu amene mukumukwerera lole ndi ine, ndipo ndikanena kuti Bambo tsikani apa mudzatsika. Anandiika kalatayo m'manja n'kundipinditsa zala. Ndinamulonjeza, Bambo. Ndinalumbira kuti Loweruka likudzalo ndikakulandirani ndekha n'kupita nanu kuchipatala, mpira useweredwe kaya usaseweredwe.

Koma Loweruka limenelo tinkakumana ndi eni chikho a ku Blantyre, amenenso anali asanagonjepo. Lole itafika ndinathamangira komweko, kalata ili m'thumba la jekete la timu. Ndinaona anthu awiri akukutsitsani ngati thumba la nyemba. Nsapato zanu munali mutazing'amba pamwamba ndi lezala kuti mapazi alowe, milomo itada. Munapuma kanthawi mutatsamira lole, kenaka munandigwira dzanja lamanja, kulitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa ngati ladzuka bwino lero, poti mudzi wonse wadalira dzanja limeneli. Mawu ndinali nawo pakamwa. Dzanja lina linali m'thumba, likugwira kalata. Ndipo ndinakuuzani kuti mukhale pabenchi yanu yomwe ija, kuti ndikamaponya ndizikuonani.

Musandiikire kumbuyo, ndikukudziwani. Mungati mwana anachita manyazi ndi bambo ake, kapena anaopa anthu a pa lole. Ayi. Ndinkaopa kusewera inu palibe. Ine wophunzira mpaka Fomu 4, woseka zithumwa, ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti mpira ukulowa chifukwa mwakhala pabenchi paja. Ndinadziuza kuti tikangothana ndi a ku Blantyre, madzulo omwewo ndipita nanu. Tinawagonjetsa ndi pointi imodzi, ndipo womaliza kuponya ndinali ine. Anthu anandinyamula pamapewa kuzungulira bwalo, mabwana anatitengera kukamwa zoziziritsa kukhosi, ndipo pamene ndinkakumbukira za kalata, lole inali italiza kale injini. Ndinakuonani muli pa tayala panu, mukupukusa chipewa, mukundionetsa zala zisanu ndi ziwiri. Ndinati basi, sabata yamawa. Kumeneko kunali kukuonani komaliza.

Lachinayi m'mawa amayi anakusiyani pakhonde mukuwothera dzuwa, iwo n'kupita kudimba kukathyola ndiwo. Pobwera anakupezani muli chikhalire, mutu utagwera pachifuwa. Uthenga unandipeza kubwalo, ndili pakati pokonzekera masewera achisanu ndi chitatu. Tinakuikani Loweruka. Tsiku limenelo lole ya malume sinapite ku Lilongwe, inkatuta anthu a maliro ochokera ku Dowa ndi ku Mponela, ndipo khumi aja a lamulo onse anali kumanda, atavala zina.

Lamulungu masana anzanga a timu anafika kudzapepesa. Atapereka moni kwa amayi, kaputeni wathu Langton anandikokera kuseri kwa khola n'kundinong'oneza, nkhope ikuwala, kuti dzulo lake apambana ndi mapointi makumi atatu, kupambana kumene Akabawi anali asanakuonepo, ndipo akupereka chipambanocho kwa inu. Ankayesa akunditonthoza, mnyamata wabwino uja. Popanda lole, popanda mbendera, popanda jekete lotuwa, popanda ngakhale dzanja langa limene mudzi unkadalira. Mpira unkalowa wokha, Bambo. Mukanakhala pabedi kuchipatala masabata onse aja, mapaipi m'mphuno, anamwino akukukalipirani, ife tikanapambanabe, ndipo mukanamva zotsatira kwa odzakuonani n'kuseka. Ndinakhala pansi pomwepo, m'ndowe za mbuzi, ndipo Langton sanamvetse chimene wandilakwira.

Chikho sichinabwere. Mu Ogasiti tinayamba kugonja, anyamata awiri anavulala, ndipo tinathera pa nambala 4. Anthu a kwa Kasakula anabwerera ku mpira wawo wa miyendo wa pa wailesi, ndipo lero mukawafunsa za Akabawi ena amayamba aganiza kaye. Ine ndinasewerako zaka zina ziwiri, mopanda mtima, kenaka ndinapempha kuti andibwezere pa desiki. Ukalaliki munkaunena uja ndi umene ndikugwira tsopano, mwina mungakondwe. Kugonja konse kuja sikunandipweteke ngakhale pang'ono. Chimene chimandidzutsa ndi mapointi makumi atatu aja.

Tikukusowani, Bambo. Amayi akamakonza mbewu ya nyemba amalankhulabe nanu, kukufunsani ngati isungidwe ndi phulusa kapena ayi, kenaka amadziyankha okha ndi mawu anu. Faines mwana wake wachiwiri anamutcha Elifala, ndipo kamnyamatako kali ndi liuma lanu lonse, kakati ayi ndi ayi. Kutchalitchi nyimbo ikakwera kwambiri palibenso woitsitsa ndi mawu aakulu aja, anthu amangolimbana nayo mpaka ithe. Ine ndimasowa munthu wondinena kuti ndinameza nsungwi.

Faines wandisungira chinsinsi chimenechi zaka zisanu, osandinena ngakhale tsiku limodzi, akuona amayi ndi mlongo wawo akudana chifukwa cha mlandu wanga. Ine ndinkangoti chete, kudya kwa amayi, kudyanso kwa malume. Nyuzipepala ino ikafika kwa Kasakula, adzawawerengera amayi ndi Faines yemweyo, poti maso awo anafooka, ndipo ndamupempha kuti asadumphe mzere ngakhale umodzi. Amve lero kuti malume Aroni ankachepetsa liwiro pageti paja Loweruka lililonse. Amve kuti panali munthu mmodzi yekha amene mukanamumvera, kuti munthuyo anali ndi kalata m'thumba, ndipo anakulozerani benchi. Kalatayo ndikadali nayo. Loweruka likudzali ndikwera lole ya malume kupita nayo kwa amayi, ndikaiike m'manja mwawo, andinene zimene angandinene. Inu simungandiyankhe, koma ndikupemphabe: ndikhululukireni, Bambo.

Gonani mumtendere, a Mbewe. Malinga tili ndi mpweya, dzina lanu silidzachoka pakamwa pathu.

Ine mwana wanu Kalisto, pamodzi ndi amayi a Nankhoma, Faines ndi adzukulu.