Chifukwa chake ndinabweza akwaya pamasitepe

Govanhill, Glasgow

Okondedwa alamu a Overtoun,

Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi a Sellina ndi ana? Nanga Amayi, miyendo ija ikuwalola kuyenda? Kuno ine ndi mwana wanu Atupele tilipo, kupuma kokha tikupuma.

Ndamva kuti a Clifton, mkulu wa mpingo wathu kuno, anakuimbirani foni kuti ndikubweza anthu odzapempherera mng'ono wanu. Inu paja mtima wanu uli pafupi, ndiye yambani mwakhala pansi. Sananame. Loweruka anabwera anthu khumi, kiyibodi ili paphewa, ine n'kuwabwezera pamasitepe.

Amuna anga a Spencer mukuwadziwa, nyimbo kutchalitchi ankayambitsa ndi iwo. Koma chotupa cha m'mutu chija chawasintha. Phokoso likangokwera amagwira mutu, kunjenjemera, kenako kusanza. Ulendo wapitawo akwaya atangotuluka, a Spencer anakomoka.

M'nyumba ya pansi pathu mumakhala mayi wina wa ku Ukraine, dzina lake Halyna, wothawa nkhondo. Kwawo ankaimba kwaya. Tsiku lina atamva a Spencer akubuula, anakwera ndi kasipika n'kuika nyimbo ya kwawo, yopekedwa masiku athu ano. Ine ndinaseka chamumtima. Ng'oma palibe, poombera m'manja palibe. Mawu amayenda ngati munthu wosenza ndowa yodzadza, kenako zii, mpaka kuganiza kuti foni yathima, ndiye amayambanso chapansipansi. Ndinamufunsa ngati oimbawo anali atadya. Sanakwiye. Anati mwana wake atafera kunkhondo mawu opempherera anamuthera, choncho amapemphera pomwe nyimbo yati zii.

Alamu, ndinaona zala za a Spencer zikufumbatuka. Anagona maola anayi osabuula. Atadzuka anandiuza kuti nyimbo itati zii, anamva ngati Mulungu wakhala m'mphepete mwa bedi, osawafunsa kanthu. Chiyankhulo cha nyimboyo sitichimva, koma Halyna akuti ndi masalimo athu omwewa.

Lero anthu akuti ndawatulutsa amuna anga mumpingo. Ena akunong'ona kuti ndikufuna afe msanga. Zikundiwawa, ndatopa, ndipo ndili ndi mantha.

Pali china chomwe ndakhala ndikukubisirani. Muja ndinkati akupezako bwino, ndinkanama. Madokotala agwa mphwayi, anatibweza kunyumba, akuti kwatsala masabata awiri kapena atatu. Kuyambira Lachiwiri a Spencer sakuyankhulanso, koma maso akuona ndipo makutu akumva.

Ndagwira mwendo wanu. A Clifton angamvere inu, mkulu mnzawo. Auzeni kuti anthu azibwera awiriawiri, azikhala phee, mapemphero akhale a mumtima. Kwa Amayi mukanene ndinu, ine pakamwa pakundilemera.

Lamulungu masana ndidzaimba foni ya vidiyo. Ndikudziwa Amayi adzafuna kulira mokweza ndi kuyambitsa nyimbo, ndi mwana wawo, ndani angawaletse? Koma akatero a Spencer adzakomoka, ndipo mwina sadzaonananso. Mudzakhale pafupi ndi Amayi, muwagwire dzanja. Ndidzaika nyimbo ija, ndi ya mphindi khumi zokha. Amayi adzangoyang'ana mwana wawo, iye awayang'ane. Kulira tidzalira tonse, masiku ake sali patali.

Mundiperekere moni kwa Amayi, kwa amalume a Tadeyo ndi onse pakhomopo. Ambuye akupatseni mawu omwe ine andisowa.

Ndine mlamu wanu,
Ketrina