Mapiritsi aja mumatumizira Bambo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, koma mtima wanga suli m'malo.

A Saidi, aja ankatiseketsa m'masewero, tawaika dzana. Anagwa sewero lili mkati ku Khombedza, anthu n'kumawomba m'manja poganiza kuti akuchita dala. Akazi awo ndiwo anakuwa kuti, "Musaseke inu, sakupuma!" Kuchipatala akuti anachulutsa mapiritsi opha ululu mosadziwa.

Nditaona botolo la mapiritsiwo kumaliro ndinawazindikira. Ndi omwe aja mumatumizira Bambo chifukwa cha msana. Masiku ano akumeza anayi asanalowe panyanja, ndipo akawasowa amakalipira Amayi. Ine ndikuopa kuwauza Bambowo.

Chonde musatumizenso. Muwaimbire foni kuti apite kuchipatala, inu amakumverani.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esnati