Tinasamba M'manja mu Msuzi wa a Sajeni

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji?

Kuno tilipo. Chikuikireni m'manda, mlongo wanga Tisaine wabereka mwana wamwamuna, mutu ngati dzungu la pachulu, mphuno yanga yeniyeni, ndiye mudziwe kuti ndi wokongola. Mtedza wa m'munda mwanu unachita bwino, koma nkhokwe yapendekeka. M'tauni anthu akungolongolola za Chitaganya. Ine ndikadali kukonza njinga pa sitolo ya Mmwenye, ndipo njinga zonse za mu Fort Jameson zimandipatsa moni.

Nkhani ndi iyi. Ndapeza mbeta, Esinati, mwana wa aphunzitsi a ku Tamanda. Malume ake, a Banda, mkulu wa mpingo wosaseka ngakhale pa Khirisimasi, anabwera kudzandiona ngati ndine munthu woyenera kupatsidwa mwana wawo. Akanapukusa mutu, basi, ukwati kulibe.

Pofuna kuonetsa kuti ndine wa m'tauni, ndinapita nawo ku Kapata, ku katiyirumu ka a Sajeni Zulu. Iwowa anabwerako ku nkhondo ya ku Burma ndi chakudya chimene anaphunzira kwa Mjapani wina wogwidwa. Ufa wa tirigu amaupota ngati zingwe, zitalizitali zoti mungamangire denga, n'kuziponya mu msuzi wa mafupa a nkhumba. Amadya ndi timitengo tiwiri. Ine ndimatha ndi kamodzi, koma zimenezo n'zina.

Tinakhala pa benchi. A Sajeni anatiikira mbale zakuya za msuzi wooneka ngati madzi, n'kubwerera kukatenga zingwezo. Inu mukudziwa, mbale yoyamba kufika pamaso pa mlendo ndi yosamba m'manja. A Banda anapinda malaya n'kuviika manja onse awiri. Msuzi wowira kuyambira m'bandakucha! Sanalire ayi. Anasamba bwinobwino mpaka m'zikhadabo, nkhope ili gwa.

Anyamata a pa benchi lina anayamba kugwedezeka mapewa. Pamenepo ndinakumbuka mawu anu aja, akuti wamkulu akapunthwa, iwe tukwana mwala. Ndiye nanenso ndinaviika anga m'mbale yanga. Amayi, moto umene abusa amatiopseza nawo uja ine ndaulawa kale ndi zala.

A Sajeni atatulukira ndi zingwe zawo, anangoima chilili. Ndinawatsinzinira diso. Msilikali ndi msilikali basi: anachotsa mbale zija, anatipatsa kansalu kopukutira, n'kubweretsa zina zodzaza kale. Timitengo sitinatikhudze, zala zinali ngati chinangwa chophika. Tinadya ndi masipuni, a Banda akulimbana ndi chingwe chimodzi mpaka dzuwa kupendeka. A Banda atakwera basi kubwerera kwawo, ine ndinati zanga zada.

Sabata yatha ankhoswe abwera ndi mawu. Avomera. Akuti mbale yachiwiri itafika, a Banda anamva fungo n'kuzindikira kuti msuzi wake ndi womwe uja anasambamo. Akuti munthu wodziotcha dala kuti mkulu asachite manyazi yekha, mwana wawo angakhale naye. Za nzeru zanga ndi nkhope yanga sanatchuleko, mwina anaiwala.

Matuza apola. Ukwati uliko tikakolola. Ndidzabwera naye Esinati kudzalambula pamanda panu, mudzamuone nokha, ndipo nkhokwe ija ndiiwongola mvula isanagwe.

Ndine wokukondani, wokongola kuposa onse amene munabereka,
Fakisoni