Kamwana ka Hatchi Kamene Ndinakatulutsa M'khola

Lipa, Lachitatu

Ate Remedios, achemwali anga,

Ndikhulupirira Ambuye akukusungani kumeneko ku Masbate. Bondo lija likuvutabe? Nanga alamu anga ndi ana ali bwanji? Ife kuno ku Lipa tilipo.

Masiku asanu tsopano tulo sindikutiona. Sikuti ndikulira ayi. Ndimangogwira korona, osadziwa kuti ndafika pa mkanda uti. Pafoni sindikanatha kunena, n'chifukwa chake ndalemba.

Pa famu pano panabadwa kamwana ka hatchi, tinakatcha Tala. Tsiku lachitatu chibadwire mimba inatupa, mkodzo ukungodontha. Dokotala Macaraeg, mayi amene amationera hatchi, anati chikhodzodzo chang'ambika, pafunika opaleshoni. Anaichitira pompano m'mawa, ine ndili pomwepo.

Atakagoneka, anaika makina ounikira pamimba n'kubaya jakisoni uku ndi uku, pakati pa minofu pamene pamadutsa mitsempha. Anati mankhwalawo amachititsa dzanzi pamimba pokha, kuti kakadzuka kasamve bala, kayamwe msanga. Mang Ponciano, mkulu wa ife osamala hatchi, anaseka kuti hatchi za masiku ano zikubayidwa ngati akazi a mabwana, pamene iwo anawazula dzino ndi pulayala atangomwa kachasu wa kokonati. Dokotala anati n'chifukwa chake muli ndi mano atatu, madala. Kenaka anandigwira mkono nati, Dalmacio, kaoneka ngati kachira koma sikanachire, kasatuluke m'khola.

Ndinamva, Ate. Sindinganame kuti sindinamve.

Masana kanadzuka. Ine ndaona ana a hatchi ambiri atachitidwa opaleshoni. Amakukuta mano, amanjenjemera, bere osalifuna. Tala kanaimirira n'kuyamwa, kamchira kakugwedezeka.

Mukukumbukira lamulo la Tatay, bambo athu, lakuti hatchi yodwala m'mimba usaisiye iime, uiyendetse. Anatimenyera lamulo limeneli tonse awiri. Anthu atapita kukadya, ndinati ndingofika nako pamtengo wa mango. Ndinagwira make pachingwe, iko kakutsatira. Make anaona anzake kubusa, anakoka. Tala kanathamanga, kanalumpha ngalande, kanaponya miyendo m'mwamba kawiri. Ndinaseka, Ate. Ndinaseka ndithu.

Nditakabweza m'khola ndinakatsuka matope kuziboda. Ndiye kuti ndinkadziwa chimene ndachita.

Dzuwa likupendeka bandeji inali itanyowa. Ulusi wa m'kati unali utaduka, matumbo atatsikira pansi pa khungu. Dokotala anatsegulanso, koma m'mawa mwake kanafa.

Mwini famu anakalipa pamaso pa tonse. Anati ululu ndi chingwe chimene Mulungu anamangira nyama kuti ikhale phee, ndiye dokotala wadula chingwecho, kamwanako kadzing'amba kokha m'khola. Mang Ponciano anavomera kuti ankanena iwo. Dokotala anakhala pa ndowa, magolovesi osavula, n'kundifunsa kuti, Dalmacio, kodi kanalumpha m'kholamu? Ndinati sindinaone.

Tsopano bwana akuti dokotala amalize ntchito Lolemba, asadzapondenso pano. Kuli kamwana kena kotupa mchombo kamene kachitidwe opaleshoni sabata yamawa, ndipo alamula kuti jakisoni ameneyo ayi. Dzulo dokotala anandibweretsera buledi wa pandesal wotentha, akuti ndaonda, ndisadzizunze, cholakwa si changa. Ndinadya. Sindinamve kukoma, sindinamvenso manyazi. Chimenechi ndiye chikundiopsa.

Ndinakalapa kwa Padre, wansembe wathu. Anati chikhululukiro chilipo, koma mayi dokotalayo akusenzabe katundu wanga, ndipite ndikamutule. Mkazi wanga Consuelo akuti ndasokonezeka mutu. Akuti hatchi yafa yafa, nyumba tikugonayi ndi ya famu, ndipo iye ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, kodi akaberekera pansi pa mango omwewo? Sakunama.

Bwanayu ndimamudziwa. Ndikanena m'mawa, madzulo katundu wathu ali pamsewu. Ndipo mafamu onse a kuno amadziwana, palibe adzandipatsenso chingwe cha hatchi.

Inu munandilera Inay, mayi athu, atamwalira, simunandinamizepo. Sindikukufunsani ngati ndinene. Chimenecho ndikuchidziwa, kungoti miyendo sikundinyamula.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali Tiya Paz, ndi ana onse. Amayi Maria akufungatireni. Kwa Tiya musanene kanthu kaye.

Kalatayi ndapatsira anzanga a Berting amene akukwera sitima ya pamadzi mawa, ikupezani Lachisanu. Mundiimbire lisanathe Lamulungu, mungonena kuti eya kapena ayi. Kodi kachipinda kosungira mpunga kaja kangakwane ine, Consuelo ndi khanda?

Ndine mlongo wanu,
Dalmacio