Chaka chonse ndikuwathirira mchere

Lachinayi, Ogasiti 2007. Tsiku lowawa, fumbi lokhalokha.

Tabwerako ku Blantyre ndi amayi. Adokotala akuti ndi khansa ya khomo la chiberekero. Akuti kunja kuli makina owotcha chotupa ndi cheza, ndipo kompyuta imawerengera yokha polowera chezacho kuti chisawotche chikhodzodzo. Anatijambulira papepala bwinobwino. Nditafunsa kuti makinawo ali chipinda chiti, anati, "M'Malawi muno mulibe, mayi. Tiwalemba pamndandanda wa opita kunja." Tabwera ndi mapiritsi opha ululu basi.

Potsika njinga pa Chiringa amayi anati, "Usauze anthu, angandiseke."

Koma chikundidya n'china. Chaka chonse amayi akaphika ndiwo ankandiitana, "Esinati, dzathire mchere." Mkazi aliyense kuno amadziwa kuti wotaya magazi sathira mchere m'ndiwo. Amayi anasiya kupita kumwezi ine ndili ku sekondale. Ine mphunzitsi wathunthu ndinkathira, n'kulawa, n'kubwerera kukachonga makope, osafunsa kanthu.

Madzulo ano aphika nandolo. Andiitananso, ndipo ndathira.